Tsiku limene ndinakhalira valavu pamaso pa apongozi

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa anandipezera ndi apongozi anga aakazi, koma sanandiuze okha. Anauza mkazi wanga Esinati, iye n'kudzandipeza kumunda ndikukumba mtedza. Anati ku boma, kwa a za madzi, akufuna munthu wa msana wolimba woti azithandiza pa mapaipi, ndipo amayi alankhula kale ndi oyenera. Changa chinali kungopita m'mawa mwake nditasamba, khadi la chipani lili m'thumba.

Nthawi imeneyo n'kuti nditachoka kwathu ku Pembamoyo n'kudzakhala chikamwini m'mudzi wina pafupi ndi Chadiza. Mwana tinali tisanaone, choncho ine ndi apongozi tinkaopana kwathunthu. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire n'kunyonyomala chofulatira mpaka atadutsa. Akafuna kundiuza kanthu ankauza munthu wina amene ali pafupi, ngakhale ine ndili pomwepo ndikumva, nanenso ndinkayankha kudzera mwa munthu yemweyo. Iwo anali tcheya wa amayi a chipani kudera kwathu, mayi wa mawu aakulu, wotha kuimitsa lole ndi dzanja limodzi. Koma nkhope yanga ankangoidziwa cham'mbali.

Ku ntchito anandipereka kwa a Mbewe. Anali atagwira zaka zambiri kumigodi, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: bondo lakumanzere losapindika ndi makutu ogontha pang'ono. Sankakonda kubwereza mawu. Tsiku loyamba anandiyendetsa mzere wonse, kuyambira pa pampu ya kudamu, kukwera mpaka pa thanki yaikulu ya pachitunda, n'kutsika ndi paipi ya mainchesi anayi imene inkagawa madzi ku boma. Pansi pa thanki pomwepo panali valavu yaikulu, chitsulo chotsekera ndi kutsegulira madzi. Kutsogolo kwake pang'ono kanthambi kankapatukira ku mpope wa pabwalo la misonkhano, pomwe paipi yeniyeni inkatsetsereka kulowa m'dzenje la simenti, kuseri kwa miyala, kumene mapaipi ankalumikizana ndi mabawuti. Dzenjelo linali lopapatiza ndiponso lakuya kuposa msinkhu wa munthu.

Mavalavu anali atsopano. Kale pamzere wonsewo panali mavalavu a chiwongolero, aja opukusa maulendo ambiri, ndipo pafupifupi munthu wamkulu aliyense pa boma anali atapukusapo. Ukafuna madzi ochepa unkapukusa pang'ono, madzi n'kumabwera ochepa. Atakonza mzerewo anaikapo mavalavu a mpira. A Mbewe anali ndi imodzi yakutha m'kanyumba ka pampu, ndipo anaimasula pamaso panga kuti ndione m'kati. Munali mpira wachitsulo wosalala, woboola pakati, wokhala pakati pa mphete ziwiri zoyera za pulasitiki. Pamwamba pa mpirawo pankalowa kachitsulo kotulukira kunja, sipindulo, ndipo handulo inkamangidwa pa iko ndi nati imodzi. Bowo likaloza m'paipi madzi amadutsa onse. Ukakhotetsa handulo kamodzi kokha kuti ipingase, bowo limaloza kumbali, madzi n'kuima.

Malamulo awo ndinawaphunzira ndi manja, osati ndi makutu. Handulo ikagona motsata paipi, ndi yotsegula. Ikapingasa, ndi yotseka. Koma handulo munthu atha kuimanga molakwika, choncho chokhulupirira ndi kamzere kolembedwa pamutu pa sipindulo, chifukwa kamaloza kumene bowo laloza. Potseka sumenya handulo mwamphamvu. Madzi othamanga ukawaimitsa mwadzidzidzi amagunda paipi ngati nyundo, ndipo amang'amba gasiketi, mphira wa polumikizira mapaipi, kwina kumene suli kuona. Valavu suisiya yotsegula theka, chifukwa mchenga wa kudamu umadya mphete zija, tsiku lodzafuna kutseka n'kupeza ikudontha. Ikalimba suonjezera paipi pa handulo kuti uikakamize. Umafuna chimene chailimbitsa. Mwezi uliwonse tinkayenda kutsegula ndi kutseka valavu iliyonse kuti isaume. Ndipo usanamasule bawuti lililonse, umatseka, n'kutsegula kampope kakunsi kuti mphamvu ya madzi ithe, n'kudikira mpaka kudontha kutasiya. Pomasula umayamba ndi mabawuti a tsidya lina, kuti ngati mwatsala madzi atulukire kutali ndi nkhope yako.

Tsiku lina ndinafunsa ngati munthu angatsegule pang'ono chabe, monga tinkachitira ndi zakale zija.

"Iyi ilibe pang'ono," anatero a Mbewe. "Thanki ikadzaza, mpira umakanirira. Ukaukakamiza umakana, umakana, kenaka umalumpha. Ukamati ndibweze, madzi afika kale."

Lamulo lawo lalikulu linali la handulo. Zaka zimenezo ngakhale sopo tinkamuimira pamzere, ndiye loko musafunse n'komwe. M'sitolo ya ku ntchito munalibe ndi mmodzi yemwe. A Mbewe akamalowa m'dzenje ankatseka valavu, n'kumasula nati, n'kuchotsa handulo, n'kuimangirira m'chiuno ndi mphira wa tchubu cha njinga. Ankati kumigodi anaona zimene zimachitika munthu wina akatsegula mnzake ali m'kati, koma sanafotokozepo zimene anaonazo. Ine ndinkaona kuti nzeruyo ndi yokwana. Valavu yopanda handulo ndani angaitsegule?

Ndinagwira choncho mpaka chilimwe chinafika pachimake. Ndipamene tinamva kuti kukubwera mlendo wamkulu wa chipani wochokera ku Lusaka. Miyala ya m'mbali mwa msewu inapakidwa laimu, mitengo nayo inapakidwa mpaka m'chiuno, ana a sukulu ankayeserera nyimbo masana onse. Za chakudya cha alendo zinali m'manja mwa amayi, kutanthauza kuti zinali m'manja mwa apongozi anga.

M'mawa wa tsikulo tinapeza dzenje lija likusefukira. Gasiketi inali itaphulika. Kuisiya kukanatanthauza kuti thanki yonse ithere m'tchire mlendo asanafike. Tinatseka valavu ya pansi pa thanki, tinatsegula mpope wa pabwalo mpaka unasiya kudontha, tinakapa madzi m'dzenjemo ndi ndowa. A Mbewe anadula gasiketi yatsopano pa chikutu cha mphira, anamanga handulo m'chiuno, n'kuyamba kutsika makwerero, mwendo wabwino patsogolo, wouma uja ukukwekwereka pambuyo. Masiku onse ndinkakhala pamwamba pa dzenje kuwapatsira masipanala. Tsikulo anaima pakati pa makwerero n'kundiyang'ana.

"Tsitsirenitu zonse, mubwerere ku thanki mukakhale pa valavu. Lero anthu achuluka, ndipo aliyense ndi bwana."

Ndinabwerera. Thanki inali yodzaza mpaka pakamwa, chifukwa tinapopa dzulo lake lonse pokonzekera alendo. Kumunsi kuja a Mbewe anali atamasula mabawuti onse, paipi ili kukamwa pafupi ndi chifuwa chawo. Kuchokera pa thanki dzenje silinkaoneka, ndipo ngakhale ndikanakuwa sakanamva.

Dzuwa litakwera ndinamva lole ikukwera chitunda. Anatsika a Sakala, dalaivala amene ankatuta nkhuni ndi madiramu a pabwalo. Mbali inayo anatsika apongozi anga atavala chitenje cha chipani. Pambuyo pankabwera amayi ena wapansi, ndowa zili m'manja.

Miyendo yanga inachita zimene inazolowera. Ndinapatuka, ndinalowa mu udzu wouma, ndinanyonyomala nditafulatira. Sindinaganize n'komwe. Valavu inatsala kumbuyo kwanga.

"A Sakala," anatero apongozi, "tawafunsani akamwini, madzi athawira kuti? Nyama ili m'miphika, mpunga sitinatsuke."

"A Sakala, auzeni amayi kuti tatseka," ndinayankha ndikuyang'ana udzu. "A Mbewe ali m'dzenje, paipi ndi yomasula. Ayembekeze pang'ono."

"Auzeni kuti alendo sayembekeza. Atsegule pang'ono pokha, tidzaze madiramu pa mpope wathu uja. Akuluwo angonyowa mapazi, ndiye kutenthaku athokoza."

Amayi ena anaseka. Sanali kunena mwankhanza ayi. M'maganizo mwawo munali chiwongolero chakale chija, chimene ukapukusa pang'ono madzi amangoyenderera pansi pa paipi.

"Auzeni amayi kuti valavu iyi ilibe pang'ono."

"Aa, inu a Banda," anatero a Sakala, "mavalavu a pano ndawatsegula ine musanabwere n'komwe. Handulo ili kuti?"

"Ili ndi a Mbewe."

Ndinamva mapazi akupita ku lole, chitseko chikutseguka, mapazi akubwerera. Ndinaganiza kuti akutenga madiramu apite kwina. Kenaka ndinamva chitsulo chikugunda chitsulo, n'kumva kulira kwa mano a bobojani, sipanala yaikulu ya a Sakala, akuluma sipindulo.

Pakati pa ine ndi valavu panali apongozi. Njira yowazungulira panalibe, chifukwa mbali imodzi kunali khoma la thanki, mbali ina lole. Ndinamva bobojani akuterereka, a Sakala n'kutukwana chapansipansi, n'kuyamba kumumanganso. Ndinachita mantha awiri pa nthawi imodzi, koma sanali ofanana kukula. Ndinadzuka, ndinadutsa pamaso pa apongozi pafupi kwambiri moti chigongono changa chinakhudza chitenje chawo. A Sakala anali atayamba kale kukoka. Ndinagwira bobojani pakhosi, ndinamukwatula, ndinamuponya mu udzu, n'kukhala pa valavupo chotang'adza, sipindulo ili pansi panga.

Nditakweza mutu ndinapeza ndikuyang'anana ndi apongozi. Ndinali ndisanaonepo maso awo chiyambire. Anali ofanana ndi a Esinati.

"Amayi," ndinatero, osadzeranso mwa munthu, "m'dzenje muja muli munthu wa mwendo wouma. Madzi a thanki iyi akalowa, satuluka."

Amayi a ndowa aja anasiya kuseka. Wina anagwira pakamwa. A Sakala anandigwira paphewa kuti andizule, koma ndinakoleka miyendo pansi pa paipi. Apongozi anakoka nsonga ya mpango n'kuphimba nkhope, n'kutembenuka.

"Asiyeni, a Sakala," anatero, mawu ali otsika kuposa mmene ndinawamverapo. "Tiyeni kudambo."

Lole inatsika chitunda. Ndinasuntha pang'ono kuti ndione kamzere ka pa sipindulo. Sikanali kopingasa bwinobwino monga tinakasiyira, kanali katapendeka. Ndinaika chikhatho pa paipi, kenaka khutu. Munalibe phokoso. Mpira unali utasuntha koma bowo linali lisanatuluke m'mphete. Kubweza sipindulo ndinaopa, poti kulakwitsa mbali kunali kosavuta. Ndinakhalanso pomwepo. Sipindulo ya valavu ya mainchesi anayi sanaipangire kukhalapo munthu, ndipo ndinaikumbukira masiku angapo pokwera njinga.

A Mbewe anatulukira dzuwa lili pamutu, matope mpaka m'zigongono, handulo ikulendewera m'chiuno. Anandipeza ndili chikhalire.

"Ndinati mukakhale pa valavu, sindinati muikwere."

Nditadzuka anaona okha. Anapapasa ndi chala chachikulu mabala amene mano a bobojani anasiya, n'kuyang'ana kamzere kaja nthawi yaitali. Ndinawauza zonse mwachidule, mokweza kuti amve. Anakhala pansi pa paipi, mwendo wouma uja utatambalala, n'kumasula mphira wa m'chiuno pang'onopang'ono. Nati inawagwa kawiri asanaimange. Atamanga handulo anatsegula mwa dongosolo lake, kukankha pang'ono n'kumvetsera, kukankhanso, mpaka handulo inagona motsata paipi. Tinamva madzi akutsika phiri. Gasiketi inagwira.

Tikutsika ananena chinthu chimodzi chokha. "Kumigodi bobojani ankakhala ku sitolo, wokiyidwa. Kuno aliyense ali naye pansi pa mpando. Sindinaganize."

Madzi anafika pabwalo amayi atatunga kale kudambo. Chakudya chinachedwa. Alendo anadya dzuwa litapendeka, ndipo ndinamva kuti akuluakulu okonza msonkhano anawalankhula apongozi mawu owawa pamaso pa amayi anzawo. Iwo sanatchule dzina langa kapena la a Mbewe. Anangoti madzi anavuta.

Kumudzi nkhani sinali ya madzi. Inali yoti mkamwini wadutsa pamaso pa apongozi, wawakhudza, wawayang'ana m'maso n'kuwayankha pagulu. Esinati anandiikira chakudya osandiyang'ana. Ankhoswe anakhala pansi, anamva mbali zonse, anavomereza kuti moyo wa munthu ndi waukulu, n'kugamula kuti ndipereke tambala. Sindinatsutse. Ndinapereka tambala wofiira amene ndinabwera naye kuchokera ku Pembamoyo, ndipo mumtima ndinkayembekeza kuti ntchito nayo ipita, poti amene anaipereka akanatha kuilanda ndi mawu amodzi. Ndinkapita m'mawa uliwonse ndikudikira kuitanidwa ku ofesi. Sanandiitane. Ine ndi apongozi tinabwerera ku zakale: iwo panjira, ine mu udzu.

Mvula yoyamba itagwa, Esinati anabwera kuchokera kunyumba kwa amayi ake atafumbata kanthu m'chitenje. Anakaika pamphasa. Anali loko wamkuwa, wakale, ndi kiyi wake womangidwa ku kansalu. Ndinamuzindikira. Anali wa pa sutikesi yachitsulo ya apongozi, mmene ankasungamo zitenje zawo zabwino ndi zikho za alendo, ndipo m'mudzi monse loko wina ngati ameneyo munalibe.

"Amayi akuti ndikuuzeni," anatero Esinati, akuyesetsa kuti asaseke, "kuti mukakiye chitsulo chanu chija, kuti nanunso muzikhala mu udzu ngati akamwini a anzawo."

A Mbewe anapeza tcheni cha ngolo. Kuyambira pamenepo handulo sitinkaichotsanso. Tinkaisiya yopingasa, n'kuizenga tcheni pamodzi ndi paipi mothina kuti ngakhale bobojani asapeze poluma, n'kukiya. Kiyi ankalowa m'dzenje pakhosi pa munthu amene walowamo, ndipo ankatuluka naye yekha.

Ndinagwira za madzi zaka zambiri pambuyo pake, ku Chadiza ndi ku Chipata, ndipo nanenso ndinadzakhala ndi anthu owaphunzitsa. Za mpira, za mphete, za kamzere ka pa sipindulo, amazigwira msanga. Chimene ndinkalimbikira ndi china. Valavu yotseka samatsegula ndi mdani. Amatsegula ndi munthu wabwino amene ali ndi miphika pamoto, amene anazolowera valavu ya mtundu wina, ndipo kawirikawiri ndi munthu amene iwe sungamuuze kuti ayi. Mlonda ali ndi apongozi, ali ndi abwana, ali ndi abusa ake. Choncho sindinalole munthu wanga kulowa m'dzenje podalira mlonda kapena handulo ya m'chiuno. Ndinkafuna kuona loko, n'kuona kiyi ali pakhosi pake.

Apongozi anamwalira ana athu atakula, titayamba kale kulankhulana ngati anthu. Za tsiku lija sitinakambepo ndi kamodzi komwe. Pogawa katundu wawo, akazi anatulutsa sutikesi ija pansi pa bedi. Inali yomanga ndi luzi.